Pepala Lonena Kuti Mwana Wanga Ali Bwino

Anyamata a pa doko, ndikudziwa kale kuti simundikhulupirira. Bweretsani buku la ku mzikiti, bweretsani la ku tchalitchi, muonjezepo nkhafi ya malemu bambo anga, ndilumbira nditagwira zonse zitatu, komabe mudzangokodolana n'kumati, "Wayambapo uja." Chabwino. Ndine ndinakuuzani za mpasa imene inakoka bwato langa kuchokera pamene Bua amathira m'nyanja mpaka ndinamva atambala a ku Mozambiki. Ndine ndinati ng'ona inandibwezera chipewa. Sindikukana. Koma iyi yokha, amene ali mwamuna aikhulupirire: ine ndinachotsedwa pa banja ndi pepala lonena kuti mwana wanga ali bwino. Osati lonena kuti akudwala, ayi. Lonena kuti ali bwino.

Mayina sinditchula. Masiku ano munthu umayamba wayang'ana kumbuyo usanatsokomole, ndipo ena mwa inu muli ndi abale ovala malaya ofiira.

Ndinakwatira ndili ndi ndevu zitatu zokha pachibwano. Mkazi wanga ndi wa kwa Malenga Chanzi, wa banja la anthu a mzikiti, aja makolo awo ankachita malonda pa boma kalekale. Ine wa ku Bua, mwana wa msodzi. Ndinalowa Chisilamu chifukwa cha iye, ndinakakhala kwawo pa chikamwini, pansi pa amjomba ake, ndiye kuti mlongo wa amayi ake, mwini mbumba yonse. Munthuyo ndi wogulitsa mpunga, wa kofiya yoyera, waulemu moti ngakhale akukuthamangitsa amayamba wakufunsa ngati tiyi wakoma.

Mwana anabadwa chaka chotsatira, wamwamuna, masaya ngati mandasi. Ndinauza mudzi wonse kuti atangotuluka anayamba wapereka moni kwa azamba. Anthu anaseka. Anakwawa, anaima, anayenda. Pakamwa pokha ndi pamene panakana. Zaka ziwiri, zii. Zitatu, zii. Zinayi, ngakhale "mama" yemwe amanenedwa ndi mwana wa mbuzi, ayi ndithu.

Ukamuitana, zinali ngati ukuitana mtondo. Koma belu la njinga likangolira kuseri kwa minda ya mpunga, iye wafika kale pa msewu. Ankatola zigoba za nkhono kunyanja n'kuzindandalika pakhonde, mzere umodzi, chachikulu kutsogolo, chaching'ono kumbuyo. Nkhuku ikangosuntha chimodzi, mudzi wonse unkadziwa. Apa sindikuwonjezera kanthu: ankakuwa mpaka mawu kuphwa, kenako n'kumamenyetsa mutu pa chitseko mpaka chipumi kutupa. Ukamugwira, amaluma. Mikono ya mayi ake, kuyambira pa chigongono kufika pa dzanja, inali zipsera za mano zokhazokha. Kudya, mpunga woyera wopanda ndiwo. Dontho limodzi la msuzi likagweramo, mbale yonse pansi. Mwana wa msodzi wosadya nsomba, mukuona manyazi ake?

Mayi ake akamapita kowokera mpunga ankamumangirira chitenje m'chiuno, mbali ina n'kudzimangirira okha, ngati mbuzi ndi chikhomo. Tsiku lina mwanayo anamasula mfundo. Anamupeza m'nyanja, madzi ali m'khosi, akupitabe kutsogolo osatembenuka. Mkazi wanga sadziwa kusambira, koma analowa. Atabwera naye kunyumba, onse awiri akudontha, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo ake a mwana, ine ndatopa. Si kumukana ayi. Koma wina andiuze chimene chikumuvuta, ndidziwe pogwira."

Otiuza anali ambiri, onse madokotala. "Mwana wamwamuna amachedwa." "Ndi gonthi ameneyo." "Lilime ndi lomangika, mulidule kunsi." "Mwamulekerera, mukwapuleni aone." Uyo wa kukwapulayo ndinamuuza kuti abwere akwapule yekha, koma abwere ndi mikono yapadera yoti alumidwe. Sanabwere.

Ku sikelo tinapita mpaka njira inatiloweza. Anesi amamukoleka pa chingwe chija, iye akukuwa, akupalasa miyendo, iwo n'kuyang'ana muvi, n'kulemba kadontho pa khadi.

"Kulemera kuli bwino. Wotsatira."

"Amayi, mwanayu sayankhula."

"Adzayankhula. Wotsatira."

"Amamenyetsa mutu."

"Bambo, ku sikelo kumabwera azimayi. Inu mulibe ntchito?"

Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndabwera kudzagulitsa mwana pa kilo. Azimayi a pamzere anaseka, anesi sanaseke, ndipo tsiku limenelo tinabwerera opanda ngakhale kadontho.

Tsono mverani pamene zinaipira. Chaka chimenecho mpasa zinakwera bwino mu Bua. Ndinkapita kwathu kukatchera ndi achimwene anga, ndipo ndinkapha monga aliyense, zisanu, zisanu ndi imodzi. Koma pofika kwa Malenga Chanzi, zisanu zija zinali zitabereka m'njira. Pa bawo ndinkati makumi asanu. Ndinkati ukonde wanga nsomba zimaupempha malo. Nditagula njinga yakale ya mphunzitsi wina, yopanda mabuleki, ndinati ndaitanitsa ku Joni. Wina anandifunsa chinsinsi changa, ine n'kusisita thumba la kabudula, n'kutsinzinira diso, ndati, "Aliyense ndi kanthu kake." M'thumbamo munali mbedza ziwiri ndi chiponde chouma. Apo ndikuvomera, pakamwa panga panandipereka.

Pasanathe mwezi nkhani inali itapsa pa chitsime. Akuti mkamwini wa ku Bua uja anakhwima. Akuti anatenga mawu a mwana wake n'kuwamangirira ku ukonde kuti aziitana nsomba. Akuti n'chifukwa chake mwanayo amathamangira ku nyanja, akulondola lilime lake. Mukuona nzeru za anthu? Zonse zinalumikizana bwinobwino, mpaka ineyo nditamva koyamba ndinasirira amene anaipeka. Anthu omwewo amene zaka zonsezi ankati ndine wabodza, bodza limodzi lokhalo ndi limene anasankha kulikhulupirira.

Ana a anthu analetsedwa kusewera pakhomo pathu. Amayi oyembekezera akakumana ndi mwana wanga ankapatuka, n'kulavula. Dzina lake linatayika, anangokhala "chidzete cha kwa amjomba." Kamwana ka zaka zinayi, kosadziwa n'komwe kuti mpasa ndi chiyani. Ine anditukwane, ndili ndi pakamwa, ndibweza. Koma kulavulira mwana woti sangayankhe, umenewo ndi ufiti weniweni, ndipo amene ankachita zimenezo ndi omwe ankakhala kutsogolo pa mapemphero.

Ashehe athu okha ndi amene ndimawavulira chipewa. Tinapita naye, analemba mawu opatulika m'mbale, anatsukira madzi, tinamumwetsa, theka linathera pa mkanjo wawo. Tinabwereza katatu. Kachitatuko anandiitanira pambali. "Mwana wanga, ine ndapemphera ndipo ndipitiriza. Koma ichi si cha majini. Mwanayu ndamuyang'ana, mitu ya anthu Mulungu anaiumba mosiyana. Pitani kwa a chipatala, akakuuzeni dzina lake." Munthu mmodzi yekha m'mudzi monse wonena kuti sakudziwa.

Apongozi anga aakazi sanadikire zimenezo. Tsiku lina ine ndili ku Bua, mkazi wanga ali ku munda, anamutenga mwana ulendo wa ku Dwambazi kwa sing'anga wina wotchuka. Anabwera naye patapita masiku awiri ali ndi mphini m'masaya, pakhosi, ndi pamsana, zopaka zakuda. Anamugwira amuna atatu kuti amuteme. Sabata yonse sankalola munthu kumuyandikira, ngakhale mayi ake, ankangobisala kuseri kwa nkhokwe akudzigwedeza. Ndipo sing'angayo anati chiyani? Anati wochita zimenezi ali pakhomo pomwepo, ndipo amanunkha nsomba.

Amanunkha nsomba. Ku Nkhotakota. Kumene ngakhale mphaka wa kwa abusa amanunkha nsomba. Ndinafuna kukwera njinga ndikamufunse ngati mizimu yake inaonapo munthu wa kunyanja wonunkha maluwa. Mkazi wanga anandigwira malaya. "Mukapita kumeneko adzati mwakwiya chifukwa wakugwirani. Khalani pansi."

Amjomba anandiitana m'mawa wina pakhonde pawo. Mphasa yatsopano, tiyi wamkaka, zitumbuwa.

"Akamwini, imwani usanazizire."

"Zikomo, amjomba."

"Ife sitikuti ndinu. Ife sitinena za munthu. Mwakhala nafe bwino, mumatiseketsa. Koma mudzi ukunena, ndipo mbumba yanga sikugona."

"Amjomba, nsomba zija ndinkangokokomeza. Funsani achimwene anga."

"Ee, ee. Tsono tichite chonchi. Matenda a Mulungu ali ndi dzina, ndipo a chipatala amalidziwa. Likodzo lili ndi dzina, khunyu lili ndi dzina. Opanda dzina ndi a anthu. Tibweretsereni pepala la dokotala lotchula dzina la matenda a mdzukulu wathu, ine ndidzaimirira ndekha pa mzikiti kutseka pakamwa pa aliyense. Likapanda kutchula, mudzatikhululukira. Onjezani shuga."

Mwamva? Banja langa, mwana wanga, mkazi wanga, zonse zinakhala pa kapepala kamodzi.

Kuchipatala cha kumtunda tinali titapitako kale kangapo. Kunali bambo wina wothandiza madokotala, wotopa ngati bulu wa pa ngolo, amene nthawi zonse ankayang'ana m'makutu mwa mwana ndi tochi n'kutipatsa mankhwala a malungo. Ulendo uno ndinakana kutuluka. Ndinati ndigona pa benchi pomwepo mpaka andiuze chanzeru. Anavula magalasi, n'kupukuta nkhope. "Achimwene, ine zimenezi sindinaphunzire. Koma kumabwera dokotala wa ana wochokera ku Lilongwe, kamodzi pa nthawi. Akubwera Lachitatu la sabata ya mawa. Mulawire. Akapita, simumuonanso mpaka mpunga wina utacha."

Mkazi wanga anakonzekera ngati akupita kukhoti. Sadziwa kulemba, ndiye anatenga chingwe n'kumanga mfundo, iliyonse ndi chinthu chimodzi chokauza dokotala. Iyi ya kusayankhula, iyi ya mutu, iyi ya kuluma, iyi ya nyanja, iyi ya mpunga, iyi ya kutseka makutu kukalira ng'oma. Ankabwereza akusinja, ankabwereza akutunga madzi. Ndinamuseka kuti dokotala adzathawa akaona chingwecho, adzayesa tabwera kudzamumanga.

Lachitatu m'mawa, tikumanga katundu pa njinga, mkazi wanga anatuluka m'nyumba nkhope itayera. M'manja mwake munali tizidutswa. Mwana anali atapeza khadi la chipani la mayi ake pansi pa mphasa, n'kuling'amba bwinobwino, timizere tofanana, n'kutindandalika pansi. Khadi lokhala ndi nkhope ya mwini dziko. Tinayang'anana. Mkazi wanga anaponya tizidutswato pamoto n'kusonkhezera, ndipo tinanyamuka, mwana ali kumsana kwake, iye ali pa kaliyala, ine ndikupalasa ndi kupemphera kuti anyamata a chipani a malaya ofiira aja akhale atapita ku maliro.

Anali pa geti penipeni pa chipatala, anayi, ndi ndodo zawo.

"Makhadi."

Ndinatulutsa langa.

"La amayi?"

"Ndaiwala kunyumba, achimwene," anatero mkazi wanga.

"Mwaiwala. Chitenje simunaiwale, mwana simunaiwale. Gulani lina."

M'thumba munalibe kanthu. Ndinayesa nthabwala, ndinati ife ndi thupi limodzi, khadi limodzi likwana. Wamkulu wawo, kamnyamata koti ndikanakanyamula ndi dzanja limodzi, anandiloza ndi ndodo pamphuno. "Mukufuna mukaseketse anthu kwina?" Ndinatseka pakamwa. Anamulozera mkazi wanga pansi pa mtengo wa mango pamene panali kale azimayi ena, wina ali ndi mwana wotentha thupi pamiyendo. Mayi wobereka mwana, womulera, wolumidwa naye, woloweza mfundo zonse, anakhala panja ngati wakuba chifukwa cha kakhadi. Anandipatsa mwana, anandipatsa chingwe, anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mukanene zonse. Musakasiyeko ngakhale imodzi. Mwamva, bambo ake a mwana?"

"Iwe, pa kuyankhula ndinalepherapo ine?"

Tinadikira pa benchi kuyambira dzuwa lili pa denga la chipatala mpaka litapendeka. Tinalowa. Dokotalayo anali mzungu wachikulire, ndi mnyamata womasulira pambali pake. Sitinakhalitsemo. Nthawi imene munthu amatenga kukazinga dzira, tinali titatuluka ndi pepala lopinda pawiri, lolembedwa m'Chingerezi chokhotakhota.

Madzulo ake amjomba anaitana mphunzitsi wa pa sukulu kuti atiwerengere. Anabwera apongozi, azakhali, ankhoswe, ndi ena oti sanaitanidwe anaima kuseri kwa mpanda. Mphunzitsi anatambasula pepala, analiyandikiza, analitalikitsa.

"Akuti mwanayu ndi wathanzi. Makutu akumva bwino. Akuti ndi wamanyazi pa anthu achilendo. Akuti palibe vuto lalikulu, koma ngati makolo akuda nkhawa abwerenso chaka chamawa."

"Dzina la matenda?" anafunsa amjomba.

"Palibe, bambo."

"Tayang'anani kuseri."

"Kuseri n'koyera."

Amjomba anapukusa mutu pang'onopang'ono, mwachisoni, ngati munthu amene wapambana mlandu umene sankafuna kupambana. "Basi, chipatala chatithandiza. Makina a azungu sanaone kanthu. Ndiye kuti n'za kwathu konkuno."

Mkazi wanga anaimirira, chinthu choti mkazi sachita pamaso pa amjomba ake. "Amjomba, dokotala ameneyo ndi wakhungu. Onani mikono yangayi. Awa ndi manyazi? Mwamunayu ndimamudziwa ine. Ndi wabodza, inde, bodza lake lafika ku Dwangwa. Koma bodza lake ndi la nsomba. Pa mwana wake sanganame, ndipo sangamupweteke."

Amayi ake anamukoka chitenje kuti akhale pansi. Ankhoswe anga, amalume anga enieni, amene ndinkayembekeza kuti andimenyera nkhondo, ankangoyang'ana zala za kumapazi. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti, "Mphwanga, ngati kanthuko kalipodi, ingokatulutsa, tikakataye." Amalume anga. Munthu amene anandiphunzitsa kuluka ukonde.

Sananene kuti ukwati watha. Anthu aulemu sanena choncho. Anati ndikapume kaye kwathu, aone ngati mwana angasinthe ine nditatalikira. Anandikulungira mphasa yanga, ukonde, ndi malaya awiri. Apongozi anaumirira kuti ukondewo usadutse pafupi ndi mwana.

Mwanayo anali pakhonde ndi zigoba zake. Ndinagwada, ndinamutchula dzina. Sanatembenuke. Ndinatenga njinga ija, ndinaigadabuza, mateyala m'mwamba, chifukwa chinthu chimodzi chimene chinkamuseketsa pa dziko lapansi ndi kuzunguza teyala n'kumayang'ana masipoko. Anasiya zigoba, anabwera, anayamba kuzunguza. Ndinaisiya pomwepo. Ku Bua ndinapita wapansi, katundu pamutu ngati wobwera ku Joni wolephera.

Miyezi isanu tsopano. Mwana sanasinthe, akumenyetsabe mutu, ndipo a kumudziko akuti n'chifukwa choti mankhwala anga ndi amphamvu, amagwira ngakhale ndili kutali. Akanasintha akanati mwaona, anali iyeyo. Tandiuzani, mlandu woterewu munthu amawina bwanji? Mkazi wanga ndimakumana naye pa msika, ngati chibwenzi chobisa, ndimamupatsa nsomba zouma, iye amandionetsa zipsera zatsopano. Tsopano akumugwira yekha, wopanda womulandira, ndipo mwanayo akukula, mphamvu zikuchuluka.

Inu mwandimva miyezi yonseyi pa doko pano ndikutukwana. Ndatukwana sing'anga wa ku Dwambazi, ndatukwana anesi a kilo, ndatukwana tiyi wa amjomba, ndatukwana, motsitsa mawu, anyamata a pa geti. Onsewo ndikuwatukwanabe, sindikubweza ngakhale liwu limodzi. Koma woposa onse ndakhala ndikutukwana dokotala uja. Ndinakuuzani kuti sanadzutse n'komwe mutu. Ndinakuuzani kuti ankalemba akudya nthochi. Tsiku lina ndinati anali ataledzera.

Sankadya nthochi. Khalani pansi, ndikuuzeni za m'chipinda muja.

Pa benchi paja, maola onse aja, mukuganiza kuti ine ndinakhala chete? Panali azimayi oposa khumi, mwamuna ndine ndekha, ndipo onse ankayang'ana mwana wanga akudzigwedeza, akulira ngati njuchi. Wina anafunsa, "Kodi ameneyu ndi wozerezeka?" Ndinati ayi, ameneyu ndi wanzeru kuposa tonse pano, amangosankha oyankhula nawo, tabwera chifukwa cha chifuwa basi. Anaseka. Ndinawonjezera ina, anasekanso. Pofika nthawi yathu benchi yonse inali yanga.

Chitseko cha dokotala sichinkatsekeka, chinali chofufuma ndi mvula, ndipo benchi inali pomwepo. Chilichonse chonenedwa mkati chinkamveka panja.

Tsono mwana wanga, amene sakhala pansi ngakhale pa maliro, atalowa anaona timabotolo ta mankhwala pa tebulo. Anatsika pamiyendo panga, anapita, anayamba kutindandalika. Lalikulu kutsogolo, laling'ono kumbuyo. Phee, osakuwa, osaluma. Ndinafuna kumukoka, dokotala anakweza dzanja kuti ndimusiye. Anamuyang'ana nthawi ndithu. Anasokoneza botolo limodzi dala, mwana analibwezera pamalo pake. Dokotala anamwetulira, ananena mawu, womasulira n'kuti, "Akuti mwana wanu ndi wochenjera."

Anyamata, zaka zinayi ndi theka. Chidzete, gonthi, wozerezeka, wolodzedwa. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine bambo wake, amene ananenapo mawu amenewo pa mwana wanga. Ndinamva kutentha pachifuwa ngati ndamwa tiyi wowira.

Dokotala anatenga cholembera, anandiyang'ana m'maso, n'kuyamba kufunsa. Anafunsa bwino, mofatsa, mafunso omwewo amene anali pa chingwe.

"Akuti kodi amayankhula?"

Chingwe chinali m'thumba, ndinkachigwira ndi dzanja. Kumbuyo kwanga benchi inali itakhala chete kumvetsera.

Ndinati, "Kunyumba amayankhula."

"Mawu angati?"

"Ambiri. Amawerenga mpaka teni."

"Akuti amasewera ndi anzake?"

"Ndiye mtsogoleri wawo."

"Amapsa mtima kwambiri? Amadzipweteka? Chotupa pachipumichi n'chiyani?"

"Anagwa mu mtengo wa mango. Amakwera kwambiri ameneyu."

Dokotala anaima kulemba. Anayang'ana mphini zija m'masaya, anayang'ana ine. Anafunsanso kachiwiri, kudzera mwa womasulira, ngati ndikutsimikiza, ngati palibe china chimene chikutidetsa nkhawa kunyumba, ngati mayi ake alipo kuti awafunse. Anandipatsa mpata wonse, munthu uja. Ndinati mayi ake atsala kunyumba, ndipo tabwera chifukwa agogo ake ndi amene amadandaula kuti mwanayu ndi wofatsa pa alendo. Dokotala analiza belu kuseri kwa mutu wa mwana, mwana anatembenuka. Analemba zimene ndinamuuza.

Nditatuluka pa geti mkazi wanga anathamanga kuchokera pansi pa mtengo uja, fumbi lili m'miyendo.

"Mwanena zonse?"

"Zonse."

"Ya nyanja?"

"Ndanena."

"Ya mutu? Waona chotupacho?"

"Waona."

Anapuma mpweya wautali, anatenga mwana, anamupsompsona pamutu, n'kunena kuti, "Mwina lero tidziwa." Ndinapalasa njinga ulendo wonse wobwerera pepala lili m'thumba la malaya, ndikudziwa chimene lanena ngakhale sindiwerenga Chingerezi. Podutsa pa mlatho ndinaganiza zoliponya m'madzi. Sindinaponye, chifukwa ndikanafunika kufotokoza. Ndipo pamene mkazi wanga anaimirira pamaso pa amjomba n'kunena kuti pa mwana wanga sindinganame, ine ndinali pomwepo, pa mphasa, ndikuyang'ana pansi ngati munthu wolakwiridwa.

Mpunga wayamba kucha. Sabata yatha pa msika mkazi wanga anandiuza kuti wamva zoti dokotala uja abweranso, kuti khadi latsopano wagula ndipo amagona nalo m'chiuno, kuti ulendo uno alowa yekha akamufunse mzunguyo ngati maso ake amaona. Akufuna ndikamuperekeze. Koma bambo wa magalasi uja anandiuza kuti zonse zimene kholo lanena zimasungidwa m'buku, ndipo wodwala akabweranso amayamba awerenga za ulendo watha. Womasulira adzaziwerenga mokweza, mkazi wanga ali pomwepo. Amawerenga mpaka teni. Mtsogoleri wa anzake.

Ndiye ndati ndiyambe ndi inu, ndione ngati pakamwa panga pangathe kunena chinthu kukula kwake komweko, osawonjezera. Kwa mkazi wanga sindinapitebe kukamuuza. Kawiri konse ndafika mpaka pa minda ya mpunga ya kwawo, ndaona denga la nyumba yathu, n'kubwerera.